Mavoisi a Abambo

Lolemba, 20 Okutobala

Alekichala a pa koleji yathu ya uphunzitsi atipatsa ntchito. Aliyense adzijambule vidiyo akuphunzitsa phunziro limodzi, atumize pofika Lachisanu masana. Wolephera kutumiza abwereza chaka, alibe nazo nthabwala. Ine ndasankha za ziwalo za duwa. Zophweka izi, ndiyamba mawa.

Lero mtima sunali m'malo. Ndinadutsa pa telala wa kuseri kwa hositelo, makina ake akulira ndendende ngati a abambo. Kufika m'chipinda ndangotsegula mavoisi awo aja. Abambo kulemba pafoni sankafuna, ankati zala za telala n'za singano. Ndiye ankangolankhula, makina akulira, pena n'kusiya nkhani pakati kuti ayankhe kasitomala. Chimwalirireni iwo mu Epulo, mawu awo atsala mufoni muno mokha. Ndawasowa kwambiri.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndimati ndimvere voisi imodzi yokha. Ikatha m'chipinda mumangoti zii, ndipo bata limenelo sinditha kulipirira. Chala chimapita chokha ku timavidiyo. Galu wovala chipewa, mwana akukana kusamba, anthu akuvina pa ukwati wa eni. Podzidzimuka dzuwa lapendeka, duwa lomwe ndinathyola m'mawa lafota patebulo.

Mnzanga wa m'chipinda, amene timamuti Sisitere chifukwa cha malamulo ake, wati ndimupatse foni aitsekere muloka, kakabati kake kakiyi, mpaka ndimalize pulani ya phunziro. Amatero ndi atsikana a chipinda chinacho, eni ake amati n'kundende. Ndakana. Ndati muli abambo anga m'menemo. Wandiyang'ana n'kuti, "Abambo akowo ndi amene akuvina pa ukwatiwo?" Zandiwawa, poti sananame.

Lachitatu, 22 Okutobala

Mutu ukuwawa, khosi lauma gwa. Papepala pali dzina langa ndi deti basi.

Lachinayi, 23 Okutobala

Anzanga ambiri ajambula kale. Masana anali m'kalasi kusinthana, wina mphunzitsi, ena ana asukulu, kuseka kokhakokha. Ine ndinangoima pakhomo ngati mlendo.

Ndikaganiza za mawa mtima umagunda. Ukagunda ndimatenga foni kuti ukhale pansi. Ndikaisiya nthawi yapita, ndiye umagunda kuposa poyamba. Sisitere podutsa wangoti, "Zengerezu adalinda kwawukwawu," osandiyang'ana n'komwe.

Amayi anaimba, sindinayankhe. Akanafunsa za sukulu, ndipo ine bodza kwa amayi silindikhala.

Abambo akanakhalapo bwenzi nditamaliza kalekale. Pa holide ndinkayeserera kuphunzitsa pa iwo. Ali pamakina, tepi ili m'khosi, ankakweza dzanja n'kuti, "Madamu, ndikataye madzi." Munthu wamkulu wa imvi zake! Ndikufuna kwathu.

Lachisanu, 24 Okutobala



Ndinalawirira, pulani n'kulemba mothamanga. Sisitere ndi atsikana awiri anavomera kukhala ana asukulu. Tili pakati kujambula, foni n'kuima, akuti yadzadza. Timavidiyo tonse tija ndinkasunga. Nthawi n'kuti itatsala pang'ono. Ndinalowa mosungira zinthu n'kuyamba kufufuta osawerenga. Zithunzi, fufuta. Mavidiyo, fufuta. Zomvera, fufuta. Malo anapezeka, tinajambula, ndinatumiza nthawi isanakwane. Atsikana aja mpaka kundinyamula.

Nditabwerera kuchipinda ndinati ndimve mawu a abambo, mtima ukhale pansi. Ndadina, palibe. Ndadina ina, palibe. Zomvera zija anali iwo.

Sisitere wandiperekeza kwa wokonza mafoni, njira yonse atandigwira dzanja, osatulutsa mwambi ngakhale umodzi. Bambo uja watokosatokosa, kenako wapukusa mutu. Foni ya abambo nayo inafa kalekale.

Loweruka, 25 Okutobala

Foni ili pansi pa bedi. Sindikufuna n'kuiona komwe. Ndikuyesa kukumbukira mmene ankatsokomolera asanayambe kulankhula, koma zikundithawa.

Lamulungu, 26 Okutobala

Masana ndawaimbira amayi. Ndawauza zonse, ndikulira ngati kamwana. Ndafunsa ngati mufoni mwawo muli voisi ya abambo ngakhale imodzi.

"Iwe, bambo ako anditumizirenji voisi ine, tikugona nyumba imodzi? Ankangokuwa ali pamakina."

Kenako afunsa, "Kodi ankati chiyani m'menemo? Ine sindinamvepo."

Apa mtima wanga wasweka. Miyezi yonseyi ndinali nawo ndekha, osaganizako zowatumizira amayi.

Ndati ena ndikuwakumbukira. Ati ndinene. Ndakhuthalitsa mawu n'kunena imodzi ya masiku omwe anayamba kudwala: "Iwe wa kusukulu, uli bwanji? Kuno mayi ako andibisira sizasi, ati ndipume. Usawauze, koma ndili ndi ina m'thumba la m'kati mwa jekete yotuwa ija."

"Munthu uja!" atero amayi. "Ndiye ine ndinkadabwa, nsalu zikudulidwa ndi chiyani? Tadikira."

Ndamva mapazi awo, chitseko cha kabati chikulira, mahang'ala akugundana. Jekete ija chiikireni sanaikhudzepo. 

"Ilimo," atero, mawu ali pansipansi. "Nena ina, mwana wanga."

Ndakhala bwino pabedi, ndapukuta m'maso, ndayamba.