Kamakina Kolira Ndikalowa

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Kalata yanu yachedwa, moti ndakuganizirani kale matenda osiyanasiyana. Ine ndilipo.

Ntchito yokolopa ija ndikadali nayo, koma inatsala pang'ono kutha. Kuntchitoko amapanga timiyala toyera ngati mchere. Akuti tili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo tikamwa chinyezi timadutsitsa mphamvu ya magetsi. Akufuna tidzagwire ntchito m'mabatire ndi m'makina odziwa ngati mpweya wanyowa. Ine chimene ndinagwirapo n'chakuti si tonyambita.

Mwezi watha anaika kamwala kamodzi m'kamakina kolira. Ena onse akalowa m'chipindamo, kali phee. Ndikalowa ine, kulira. Ndinadziwa kuti kandida ndipo kakundinenera kwa abwana. Ndinasiya chokolopera panja, kanalirabe. Ndinavula nsapato, ndinayenda monyang'ama, ndinayesa ngakhale kukapatsa moni. Kenako ndinayamba kusesa osapuma mpweya, mpaka ndinaona chidima n'kugwera pampando wa abwana. Anandipeza pomwepo ndikupepesa makina.

Abwanawo ndi mayi wamagalasi wosaseka wamba. Pamene amandiitana n'kuti nditalongedza kale kapu ndi ambulera yanga. Anati ndiime pafupi ndi kamakinako, kanalira. Anati nditalikire, kanasiya. Akuti mantha amanditulutsa thukuta, komanso ndimausa moyo kwambiri, ndiye kamwalako kamamva chinyezi changa. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Tsopano alendo akabwera kudzaona timiyalato amaitana ine, ndiime pafupi, kalire, alendo awombe m'manja. Anandiuzanso kuti ntchito yanga yakhazikika.

Vuto lagona pomwepo, achimwene. Chimvereni mawu amenewo mtima wanga uli m'malo, thukuta lauma. Dzulo ndinaima mpaka miyendo kuwawa, kamakinako kanangoti kwii kamodzi, abwana n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sabata yamawa kukubwera alendo akuluakulu, ndipo kakakhala chete sindidziwa ngati adzandisunga.

Ndiye pempho langa ndi ili: yankhani msanga, ndipo musandibisire kanthu. Ngati denga likudontha, lembani. Ngati mwana wanu wamkulu wayambanso kukwera njinga yopanda mabuleki ija, lembani, mutchulenso kutsetsereka kwa msewu. Ngati kwanu zonse zili bwino, kafunseni kwa aneba, iwo sangasowe.

Moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Amayi musawauze kuti masiku ano ndikugona tulo tabwino, angadabwe n'kudwala. Koma akadwala, lembani.

Ndine mlongo wanu,
Wamantha uja