Mabokosi a Bambo Kucera

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Lapezeka. Pepala lija lapezeka. Ndikulemba ndili m'galimoto pageti pa Bambo Kucera.

Masabata atatu tulo ta mbalame. Ndilembe zonse poti mutu wayambanso kugwira. Mayi Castellanos, wofufuza wa ku thumba la boma lomwe limalipirira intaneti m'sukulu zathu zinayi, ankafuna chinthu chimodzi: umboni woti mu 2012, tisanakhazikitse malamulo a sefa yotchinga zolaula pa makompyuta a ana, tinalengeza m'nyuzipepala n'kuitanitsa msonkhano wa anthu onse. Popanda umboniwo, tibweze thandizo la zaka zitatu, madola 212,000. Bambo Lindqvist, mkulu wa masukulu onse m'chigawo chathu, ananeneratu kuti zikatero sukulu ya ku Antelope Fork itsekedwa. Ana 31. Ola ndi theka pa basi kukafika kusukulu ina, kupita kokha.

Msonkhanowo unachitikadi, ndinalipo. Koma mabokosi a mapepala a chaka chimenecho ndinawadulitsa ndine m'makina odula mapepala mu 2019, masiku aja ndinkayenda ndi nyimbo ya ofesi yopanda mapepala. Tinajambula zonse n'kusunga pa seva, kompyuta yaikulu ya kuofesi. Sevayo inafa, kope lake n'kukana kutseguka. Nyuzipepala ya m'tauni muno inatha kalekale, ndipo mtolo wake wa kulaibulale unavunda denga litadontha. Ine mkulu wa za makompyuta, kugwa chifukwa cha pepala.

Nzeru inachokera kwa Wendell, mwamuna wanga, akuvula jombo pakhomo: "Bwanji osapita kwa mdani wako uja? Ameneyo sataya ngakhale lisiti la mkate."

Bambo Kucera. Ankayenda ndi makalata a positi, anapuma ntchito kalekale. Sanajombepo msonkhano wa bodi ya masukulu. Makalata 43 ku ofesi yanga yokha, ofuna kuona zikalata monga lamulo limalolera. Kuofesi timawatcha Nkhupakupa. Ndapita ndi manyazi anga onse.

M'galaja mwawo mabokosi a nthochi, chaka chilichonse bokosi lake. Kupeza kunawatengera mphindi zinayi zokha. Chilengezo chodula m'nyuzipepala, tsiku likuoneka pamwamba, ndondomeko ya msonkhano, ndi zolemba zawo za pamanja. "Munavala buluu," anatero, "ndipo makina anu anakana kuyaka mphindi khumi." Nditatambasula dzanja anabweza pepala kuchifuwa. "Ayi mayi, simutuluka nalo. Inu zinthu zimakuferani m'manja."

Ndikadawapsompsona. Ndikadawamenyanso.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kubanki m'mawa, kukadinditsa makope kwa wolumbiritsa. Bambo Kucera anabwera ndi pepala lawo m'thumba la pulasitiki, sanalisiye ngakhale pa kauntala.

Fomu ili ndi funso: zikalatazi zachokera kuti? Bambo Lindqvist atseka chitseko. "Lembani kuti zapezeka m'nkhokwe zathu, Marcy. Mdala uja akadziwa kuti watipulumutsa, sitidzapumanso." Ndawaonetsa mzere wa pansi, pomwe ndimasaina molumbira. Ausa moyo, atuluka. Ndalemba dzina la Delbert Kucera ndi adiresi yawo. Zonse zatumizidwa 2:15.

Za amene anadulitsa mabokosi palibe wafunsa. Onse akudziwa kuti seva inafa, basi. Inenso ndili chete.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndagona maola khumi. Wendell akuti anabwera kawiri kudzaona ngati ndikupuma. Ng'ombe ziwiri zabereka, imodzi mapasa. Masana ndadya nyemba za tsabola kukantini ya sukulu mpaka kuwonjezera, koyamba chichokereni Khirisimasi. Yankho silinabwere, koma m'chifuwa mwapepuka kale. Kaya ndafulumira.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Zii masabata awiri. Kenako lero foni. Nambala ya ku thumba la boma lija. Mayi Castellanos amangofuna tsamba lachiwiri la zolemba za Bambo Kucera, pomwe analemba mayina a anthu amene anafika. Anthu asanu ndi awiri, mmodzi amawodzera, nazonso analemba. Mayiwo anaseka pafoni: "Bambo amenewa ali ndi zaka zingati? Tiwalembe ntchito kuno."

Wofufuza akaseka ndiye kuti chiyani? Sindikudziwa. Ndasankha kukondwa.

Madzulo ku Antelope Fork kukasintha kabokosi ka intaneti m'kalasi la ana aang'ono. Msewu woterera, chipale chofewa mbali zonse. Mayi Brandvold, mphunzitsi wamkulu, anandiperekeza mpaka pagalimoto. "Mundiuze zoona, Marcy. Tiyambe kulongedza?" Ndinati dikirani kaye. Anangogwedeza mutu. Zaka 26 pasukulu imeneyo, ena mwa makolo anawaphunzitsa okha.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Kalata yafika. Nkhani yatsekedwa, sitibweza kalikonse. Ndime imodzi yokha yotidzudzula: tikonze kasungidwe ka zikalata. Ndaiwerenga katatu, ndakalowa m'kachipinda ka maseva, ndatseka, ndalira bwinobwino pakati pa phokoso la mafani. Kulira kokoma.

Ndaimbira Mayi Brandvold. Ndinangomva akuuza kalasi kuti lero masamu athera pomwepo.

Poweruka ndinagula makolache, timabanzi ta zipatso, khumi ndi awiri, n'kupita nawo kwa Bambo Kucera. "Sindilandira mphatso kwa antchito a boma," anatero. Anandibwezera bokosi. Pofika kunyumba ndinapeza muli khumi.

Lolemba, 10 Malichi

Msonkhano wa bodi. Bambo Lindqvist anawerenga kalata ija n'kuthokoza "khama la ogwira ntchito athu." Anthu m'manja. Ndinaima n'kunena kuti khamalo linali m'galaja mwa Bambo Kucera, ndipo zilembedwe momwemo m'zokambirana za lero. Mlembi anayang'ana kwa a Lindqvist, kenako analemba. Anthu a ku Antelope Fork, omwe anadzaza mizere iwiri ndi zipewa zawo pamaondo, anaimirira.

Bambo Kucera eni ake osakweza n'komwe mutu, kalikiliki kulemba. Itafika nthawi yoti anthu wamba alankhule, mphindi zawo zitatu anazithera pa mtengo wa matayala a mabasi. Potuluka anandipatsa envelopu. "Mukawerengere kuofesi, mayi. Si zachikondi."

Lachiwiri, 11 Malichi

Kalata ya nambala 44. Akufuna chikalata chilichonse chosonyeza amene analamula kuti mabokosi a 2012 awonongedwe, ndi tsiku lake. Masiku anayi a ntchito kuti tiyankhe.

Ndinaseka kaye ndekha. Kenako ndinafufuza. Chilipo. Imelo yanga ya pa 6 Juni 2019, mizere iwiri: "Dulani onse mpaka 2014, tajambula kale. Mlandu ukadzabwera ndi wanga." Zonse zinasowa, iyi yokha ndiye ili bwinobwino.

Bambo Lindqvist aiwerenga ataima, nthawi yaitali kuposa kutalika kwa imeloyo. Akuti loya angathe kupeza njira yochedwetsera. Akutinso za kontirakiti yanga bodi ikambirana mu Epulo, ndiganize bwino. Ndaganiza. Sukulu ija sitsekedwa, kaya ine ndikhalepo kaya ayi, ndipo kuyambira Januwale chinthu ichi chakhala chikundidya ndekha. Mantha alipo, koma ndi ang'ono poyerekeza ndi aja.

Ndasindikiza makope asanu ndi awiri. Asanu ndi limodzi a mamembala a bodi. Lotsalalo ndikapereka ndekha kwa Bambo Kucera mawa m'mawa, ndisanapite kuntchito. Alowetsa m'bokosi la chaka chino, ndipo mmenemo silidzasowa.