Mai wa m'Nyimbo ya Morgan

Lolemba, 4 Novembala

Kutentha koopsa muno mu Petauke. Magetsi kulibe kuyambila m'mawa, ndasokela makina opalasa ndi phazi. Mayunifomu a kwaya sanathe.

Morgan wabwela ndi foni, akuti amai, mvelani nyimbo yanga yatsopano. Ndamvela. Mai ndi mwana ogona pakhonde la sitolo, pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Ndife. Chaka chija atate ake atamwalila, abale ao n'kutilanda nyumba ndi zonse. Ndinkayesa anali wamng'ono, anaiwala. Akumbuka ngakhale makatoni amene tinkayala.

Mau ali nao, mwana wanga. Koma chakudya chandikanika.

Lachitatu, 6 Novembala

Akufuna ndikaoneke mu vidiyo. Ndakana. Kuchalichi amandidziwa kuti a Bernadette atelala, osati wogona panja. Iye akuti, "Manyazi si athu, amai. Ndi a amene anatithamangitsa." Zoona. Ndakanabe.

Apeza mtsikana wina, Wendy. Ndiye adzakhale ine.

Loweluka, 9 Novembala

Ndinati kojambula vidiyo, pakhonde la sitolo lija, sindipitako. Ndapita, n'kuima kumbuyo kwa ogulitsa tomato.

Wendy amupaka phulusa kumaso. Chitenje chong'amba dala ndi lezala. Mvula ya paipi, wothila atakwela pa dilamu. Ndalephela kupilila. Ndawauza pamaso pa onse kuti ife sitinali auve. M'mawa uliwonse Morgan ndinkamusambitsa pamjigo, malaya ake ndinkachapa n'kuyanika pampanda wa eni ake. Wendy wapukuta nkhope, wapepesa. Mwana waulemu.

Koma pali china. Pakhondepo panali kale munthu. Mtsikana ndi khanda, mtolo wa zovala, kapoto kakuda. Wojambula wamuuza asunthe, akuononga chithunzi. Watola zake n'kuchoka. Morgan anali pagalasi kukonza tsitsi. Ine ndinali pa mkangano wa phulusa.

Sondo, 10 Novembala

Ulaliki sunalowe. Kapoto kaja basi.

Lachisanu, 22 Novembala

Vidiyo yatuluka. Msika wonse uli nayo pafoni. Ena akulila, ena akundiyang'ana ndi maso achifundo amene sindiwafuna. Kasitomala wina wandigwila dzanja, akuti nayenso anagonapo m'kalasi ya sukulu ndi ana atatu. Sindinkadziwa. Ndamusokela zaka zonsezi.

Morgan amuitana kukaimba ku Chipata. Ndakondwa, ndisaname.

Ndaionela ndekha pambuyo pake. Chakumapeto, m'mphepete mwa chithunzi, mtsikana uja akuoneka akuchoka, mtolo pamutu. Kamphindi chabe. Ndamuonetsa Morgan. Wabweza, wabwezanso. Wazima foni.

Mvula yoyamba yagwa madzulo ano. Yeniyeni, ya mphepo.

Lachiwili, 26 Novembala

Ine ndi Morgan tafunsa za mtsikana uja kwa makondakitala pasiteshoni. Dzina lake Misozi, kwao ku Mwape. Mwamuna anabwela naye kuno n'kumuthawa, eni nyumba n'kumutulutsa. Tsopano achinyamata akukhamukila pakhonde lija kukadzijambula, poti latchuka, ndiye mwini sitolo waikapo mlonda. Palibenso wogonapo. Akuti Misozi anakwela lole ya ku Nyimba.

Morgan pobwelela: "Ndiye kuti nyimbo yanga yamuchotsela pogona." Sindinamutonthoze. Sindinamukalipilenso.

Madilesi a ukwati adikile. Mailo tipita.

Lachitatu, 27 Novembala

Nyimba. Tamupeza pamseu, kuseli kwa amai ogulitsa nthochi. Amawasesela malo, iwo n'kumupatsa zimene zapsa kwambili. Khanda likutsokomola, chifuwa cholila.

Ataona Morgan waphimba nkhope ndi chitenje. "Musandijambule." Morgan waponya foni m'chikwama changa, wagwada pamatope, wapepesa. Mau okoma aja lelo anatha, amangoti pepani, pepani.

Ndamuuza Misozi: chipinda chilipo, makina achiwili alipo, zambili sindilonjeza. Wafunsa ngati kwathu kuli pafupi ndi chipatala. Kenaka wamanga mtolo. Mmodzi wa amai a nthochi wandikokela pambali: "Mukamuzunza tidzamva." Ndawakonda amai amenewo.

Mu minibasi dalaivala waika nyimbo ija, mokweza. Anthu akuimba nao, osadziwa kuti woimbayo wapanikizika pampando wakumbuyo ndi thumba la wina la feteleza. Misozi anali asanaimvepo. Wamvetsela mpaka kumapeto, n'kufunsa chapansipansi, "Nanga mai ameneyu anathela kuti?"

Morgan wayang'ana kunja.

Ndati, ndine.

Wandiyang'ana nsapato, manja, nkhope. Wamasula khanda kumsana, waliika pamiyendo panga, watsamila paphewa langa n'kugona mpaka ku Petauke.