Msilikali amene anakana chilazi cha amayi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa malalanje mumsika kuno ku Gboko. Mlongo wanga Terhemba anali msilikali, ndipo anafera kunkhondo kumpoto chaka chatha. Anamuika komweko, kumanda a asilikali. Kwathu anzake anangobweretsa mbendera yopinda, chipewa ndi nsapato zake. Amayi anayang'ana mbenderayo n'kunena kuti, "Ine ndinabereka mwana, sindinabereke nsalu."

Koma chimene chinapweteka mudzi wonse ndi china. Ife tikugubuduzika pansi ndi kulira, asilikaliwo anangoima njo, maso gwa, popanda ngakhale msozi umodzi. Amayi, ndi chisoni chonsecho, anasinja okha chilazi cha alendowo. Mkulu wawo, Sajeni Garba, anangoyang'ana mbale n'kudzuka kukakwera galimoto. Kwathu kukana chakudya cha pamaliro n'kutukwana. Amalume anakuwa kuti, "Pitani, anthu ouma mtima inu! Mukudziwa chimene munamuchita!"

Mwezi watha Sajeniyo anandipeza kumsika atavala zovala wamba. Ndinamulalatira. Kenako anati, "Achemwali, amene ndinamubereka Terhemba kumsana atavulala kunkhondo ndine. Pamzere sitilira, timakalira tikavula yunifolomu. Koma chilazi chija! Terhemba ankatisowetsa nacho mtendere. Tikamadya nyemba zosapsa ankati, 'Garba, iwe chakudya sukuchidziwa. Nkhondo ikatha ndikutengera kwa amayi anga ukaone.' Ndiye ndikanameza bwanji, mwini wake palibe?" Sajeniyo, munthu wamkulu, analira pamulu wa malalanje anga, nanenso ndinalira.

Tsopano akupempha kudzakhala nawo pa Misa yokumbukira Terhemba mwezi wamawa. Amayi akuti msilikali akadzaponda pakhomo, iwo adzachoka. Chichitikireni maliro aja sanagwirenso munsi, akungoonda. Ndikamubweretsa ndidana ndi amayi. Ndikamukaniza nditaya munthu yekhayo amene anaona mlongo wanga akutsirizika. Mtima ukundiwawa, Aphungu. Nditani?

M.T., Gboko

Mwana wanga M.T.,

Pepani ndi chisonichi. Ndikuuzeni mosapsatira: pamaliro aja panalibe woipa. Inu munalira mwa kwanu, iwo analira mwa kwawo, koma mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ife anthu wamba timaona yunifolomu n'kuiwala kuti mkatimo muli mwana wa munthu, ndipo iwonso pakamwa amatseka mopitirira.

Musamubweretse Sajeniyo pa Misa modzidzimutsa. Pagulu amayi ndi amalume sangabweze mawu awo, ngakhale mtima utafuna. Yambani ndi amayi muli awiriwiri. Muwauze nkhani ya chilazi ija ndendende mmene anakuuzirani, osathira mchere. Mukatero khalani chete, yankho musalithamangire. Mayi amene anamva kuti mlendo wanyoza chakudya chake ayenera kumvanso kuti mwana wake ankadzitama nacho mpaka kunkhondo.

Akafewa, Garba abwere tsiku wamba, atavala zovala wamba, ndipo pakhale mayi mmodzi wa kutchalitchi amene amayi amamukhulupirira. Asayambe ndi za imfa. Awauze mmene Terhemba ankasekera, zimene ankaimba, ndi mmene ankawatchulira amayi ake. Amalume musawadumphe, chifukwa mawu aja anawakuwa pagulu, ndipo ayenera kupeza njira yowabwezera popanda manyazi.

Koma samalani. Garba si Terhemba, musamusandutse mwana wolowa m'malo. Musamupanikizenso ndi mafunso a mmene mlongo wanu anafera, nayenso ali ndi bala lake ndipo adzanena yekha akadzatha. Amayi akakana, musawakakamize, Misa idzabweranso chaka chamawa. Koma tsiku lina mukadzamva munsi ukulira mumtondo, musadzafunse kanthu. Mudzangothamanga kukaitana mlendoyo, chifukwa mbale ija anamulonjeza ndi Terhemba.