Si singano inakuphani, aNyaChavula

MARJORIE MSOWOYA (NYACHAVULA)
9 Marichi 1974 – 24 Juni 2017

Lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, aNyaChavula, ndipo mitu yathu sinagwirebe. Lolemba munapita kuntchito wapansi, mukungodandaula kamutu ndi kuzizira kwa Juni. Lolemba linzakelo tinali kumanda. Ine Frackson mwamuna wanu, ndi ana anu Lusungu, Gracious ndi Rejoice, mpaka lero timayang'anana n'kumafunsana kuti zinatheka bwanji.

Ku Masasa konse ana ankakutchulani amayi a mphuno. Akangoona kabokosi kanu kozizira kakukwera chitunda, linali liwiro kukabisala kuseri kwa mabafa, inu mukufa nalo phwete. Ntchito yanu inali yomweyo, kupisa kathonje m'mphuno mwa ana n'kutumiza kulabu, kuti adziwe mitundu ya nyumokokasi imene ikuzungulira mumzinda muno, kachilombo kaja koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Dzina limenelo linkandipinda lilime, ndipo munkandiseka kuti kalipentala wodziwa mitengo yonse ya m'Chikangawa akugwetsedwa ndi liwu limodzi. Munkatiuza kuti mitundu yake ndi yoposa makumi asanu ndi anayi, pomwe katemera wa kusikelo amateteza ku khumi ndi itatu, ndiye pafunika wina wokhala maso. Nyumba zikamera pachitunda chatsopano, inu munkafikako msewu ndi mpopi zisanafike, kukafunsa kabuku ka mwana ngati jakisoni zonse zitatu zinakwana.

Pakhomo pano munali ovuta, tisaname. Rejoice atasiyira makapisozi panjira poti wapezako bwino, munamukhazika pansi ngati waba nkhuku. Gracious atagula awiri okha pagolosale chifukwa cha chifuwa, munakawataya m'chimbudzi iye akuona. Munkati mankhwala omwa mwachidule sapha kachilombo, amangokaphunzitsa nkhondo. Lusungu tsopano ali kuyunivesite, akuchita lendi ku Luwinga, ndipo anzake am'patsa dzina loti nesi chifukwa amawakalipira ndi mawu anu omwewo.

Pali chimene takhala tikubisa zaka ziwirizi, ndipo lero ndichinena. Lachitatu lija muli m'chipatala, khosi litauma, simukuzindikiranso munthu, adokotala anapempha kuti akutengeni madzi a mumsana aone kachilombo kake ndi mankhwala amene angakaphe. Anakana ndine. Achibale anandizungulira pakhonde la wodi, aliyense ali ndi dzina la munthu amene anabayidwa pamsana osadzukanso. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinakhala nyumba imodzi ndi munthu wonyengerera amayi kuti asaope singano imeneyo, ndinkamva ndi makutu angawa mukufotokoza kuti anthu amabwera atachedwa kale n'kumanamizira singano. Koma tsiku lanu litafika ndinachita mantha, ndinamvera za pakhonde zija. Adokotala anandibwerera kawiri, ine ndikupukusa mutu. Ndinavomera Lachisanu. Loweruka munapita.

Zotsatira zinatuluka tili pamaliro. Kanali ka nyumokokasi komweko, kamene munakasaka m'mphuno mwa ana a eni zaka zonsezo, mtundu umene katemera saufikira. Mankhwala amene ankakubayani masiku onse aja sikankawamva n'komwe. Adokotala sanandinamize kuti mukanachira ndithu, anangoti akanadziwa Lachisanu m'malo mwa Lamulungu akanasintha mankhwala mukadali ndi mpweya. Pepala la zotsatiralo ndinalipinda n'kuliika pansi pa sutukesi. Anthu akamati singano yawatengera anawa mayi wawo, ndinkangoweramitsa mutu, chifukwa zinkandipepukira kuti mlandu ukhale wa singano.

Mwezi wathawu Stella, mnzanu wa kuntchito uja, anandipeza kushedi ndikupala thabwa. Sanakhale ndi pansi pomwe. Anandiuza za mayi wina wa ku Ching'ambo amene anathawitsa mwana wa miyezi isanu ndi inayi m'wodi, khosi lili gwa, atamva zoti amutenge madzi a mumsana. Mayiyo anauza anamwino kuti ngakhale amayi a mphuno, odziwa zachipatala, anawabaya Lachisanu n'kufa Loweruka, nanji kamwana. Mwanayo anatsirizikira kunyumba patapita masiku awiri. Stella akuti si yekhayo, ena ayamba kukana ndi kathonje komwe, ndipo onse akutchula inu. Ndinangopezeka ndakhala pautuchi. Dzina lanu, aNyaChavula, limene linkatsegula zitseko ku Masasa konse, ndi limene lero likutulutsa ana m'chipatala, ndipo ndine ndinalisiya kuti lifike pamenepo.

Ndinaitana ana n'kuwaonetsa pepala lija. Rejoice sanandiyankhule sabata yathunthu, ndipo sindikumuimba mlandu. Lusungu ndi amene anati tilembe munyuzi, pansi pa chithunzi chanu, kuti aliyense wokudziwani nkhope awerenge. Achibale ena akwiya, akuti za pabanja sazitulutsa kubwalo. Akwiye. Lamulungu likubwerali ndikaima kutchalitchi pa nthawi ya zolengeza ndikanene ndi pakamwa panga, m'Chitumbuka, kuti ndi osawerenga omwe amve. Ndikatero ndipita ku Ching'ambo, Stella wavomera kundiperekeza, ngakhale sindikudziwa kuti mayi uja ndikamuyang'ana bwanji kumaso.

Singano sinakupheni, mama. Inabwera mochedwa ndi masiku awiri, ndipo anaichedwetsa ndine mwamuna wanu. Mundikhululukire.

Yewo chomene pa zonse munatichitira. Sitidzakuiwalani mpaka tidzakupezeni, ndipo masiku awiri aja sitidzawabisanso.

Frackson Msowoya, ndi ana anu Lusungu, Gracious ndi Rejoice
Masasa, Mzuzu