Msomali m'Kabokosi ka Mafyuzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti miyendo ya abambo ikutupabe. Koma khalani pansi kaye, ndili ndi nkhani.

Galimoto yakale ya abambo ija simungaiiwale, poti ndi imene inakuchotsani pakhomo pano. Munaikamo wailesi Loweruka, Lolemba utsi uli tolotolo, abambo n'kunena kuti mwawaotchera galimoto, musadzapondenso pano. Nanenso ndinakunenani, sindibisa.

Tsono amuna anga, mmene amakondera zinthu zakalemu, anati tiidzutse. Anaitana mmisiri wa zamagetsi, nayenso waimvi. Iye anati mawaya onse auma, akungothetheka ngati bisiketi, ena anadya makoswe, ndiye achotse onse aike atsopano. Abambo anakokera mpando m'galaja kuti azimulangiza, ngati munthuyo anayamba ntchito dzulo.

Atafika pa mawaya a wailesi, mmisiri anaima. Anafunsa kuti analumikiza ndani, poti anamanga bwino, tepi yake sinamasuke n'komwe, ndipo moto sunayambire pamenepo. Kenako anatsegula kabokosi ka mafyuzi. Achimwene, pamalo pa fyuzi ya nyali panali msomali, wakuda bii! Anatifotokozera kuti fyuzi imaduka dala waya akatentha, koma msomali suduka, ndiye wayayo amangoyaka.

Ine ndinaseka, n'kumati ndi zochita za amisiri a m'mbali mwa msewu. Abambo sanaseke.

"Ndinaika ndine," anatero. "Fyuzi inkangopsa, ndinatopa nayo. Msomaliwo ndinaukumbukira tsiku lomwelo la moto, mchimwene wako atapita kale."

Zaka makumi awiri, achimwene, akudziwa! Pamaliro a amayi munaima kunja kwa mpanda, iwo akukuonani, osatsegula pakamwa. Abambowo ndinawakalipira mmisiri ali pomwepo, kuwafunsa chimene sanakuitanireni. Anangoti anachita manyazi, ndipo chaka chilichonse manyaziwo ankakula.

Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Ndakwiya, ndipo ndadzikwiyiranso ndekha. Ndikhululukireni, ndinakutchulani wowononga musanalakwe kanthu.

Panopa ntchito yaima. Mmisiri akuti sangasakanize mawaya akale ndi atsopano, abambo akuti a wailesiwo asawakhudze munthu, mudzawadule inuyo mwini wake. M'mawa uliwonse akumakhala m'galaja muja, maso kugeti. Adokotala akuti mtima wawo wafooka kwambiri, ndiye musatenge nthawi poganiza. Ngati mukufuna kudzawakalipira, bwerani mudzawakalipire, ine ndidzakuthandizani. Bola mubwere akumvabe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo anawo muwauze kuti agogo awo aamuna ali moyo. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.