Kadontho ka Manda a Bambo

Ndunde, Chiradzulu
9 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Nasir,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, mvula yoyamba yagwa Lachiwiri ndipo tabzala kale kumunda kwa kumtunda. Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe munanditumizira foni. Nkhani iyi pakamwa ikundikanika.

Bambo atamwalira mu Ogasiti tinawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu chathu, inu osafika. Munandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti nditumize malo a manda awo pa mapu a foni, muziona pomwe agona. Ndinatumiza. Munayankha kuti, "Ndawaona bambo," ndipo mumati Lachisanu lililonse mumatsegula kadontho ka pamapu kaja n'kuwachitira pemphero la duwa.

Achimwene, paja si pamanda. Ndi pamsewu, pafupi ndi mjigo.

Kodi ku Joniko mwaiwala kuti ife akazi sitilowa kumanda? Ndinapatsa foni amalume, Che Twaha. Analowa ataigwira ndi manja awiri ngati mbale yodzaza madzi, n'kutuluka akudandaula kuti kadontho kakungoyendayenda. Mawa lake chimodzimodzi. A Lameck, alangizi a zaumoyo aja, anandifotokozera kuti foni imamvera zizindikiro za masetilaiti anayi kapena kuposa ali kumwambaku, n'kuwerengera kutalika kwake kuti idziwe pomwe yaima. Pansi pa mitengo yothithikana ngati ya kumanda kwathu zizindikirozo zimafika mofooka, ndiye foni imangoganizira, n'kuphonya ndi mamita ambirimbiri. Nanga mitengo ya kumanda munthu angadule?

Inu munkaimba foni m'mawa ndi madzulo kufunsa za malowo. Ndinalephera kukuuzani. Ndinakaima pamtetete pomwe kadontho kanakhala phee, n'kudina. Ndakunamizani miyezi itatu ndipo mtima ukundipweteka zedi. Ndikhululukireni.

Koma chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Pamanda a bambo palibe mwala kapena dzina, ndi mulu wa dothi chabe, ndipo chiwaikireni aikanso anthu asanu mbali yomweyo. Mvula ikalimba udzu umera, milu yonse ifanana. Amuna ena ndikawafunsa, uyu aloza uku, uyu uko. Wodziwa bwino ndi amalume okha, poti ndi amene anawatsitsira m'manda, koma maso awo akuchita mdima. Sabata yatha anandipatsa moni ngati mlendo mpaka nditalankhula.

Za mapepala anu ndikuzidziwa, kuti mukatuluka mwina sadzakulolani kulowanso. Sindikukukakamizani ayi. Ndangoopa kuti mungadzafike chaka china n'kukaima pamjigo, manja m'mwamba, anthu otunga madzi akukuyang'anani.

Mayi akupereka moni. Za bodza langa sakudziwa, amanyadira kwa anzawo kuti mwana wawo amaona manda a bambo ake ali ku Joni. Amalume nawo akuti moni, ndipo akuti mukabwera Disembala asanathe adzakugwirani dzanja mpaka kumutu kwa bambo. Kupitirira apo sakulonjeza.

Ndine mlongo wanu,
Bushra